Njinga ya Magiya a M'habu: Zoyenera Kudziwa Banja Lisanagule

Banja likatsimikiza zogula njinga yopitira ku ntchito, kumsika, kusukulu kapena kusikelo ya mwana, wogulitsa amadziwiratu funso limene libwere: "Ili ndi magiya angati?" Yankho amakhala nalo kale, pakuti linalembedwa pafelemu ndi utoto wowala: 18, 21, mwinanso 24. Funso limeneli silithandiza banja. Njinga ya tsiku ndi tsiku iyenera kuyesedwa ndi masiku amene idzakufikitseni kumene mukupita osadzera kwa wokonza njinga, ndipo pa muyeso umenewu njinga imene magiya ake anatsekeredwa m'kati mwa habu ya tayala lakumbuyo imaposa zinzake. Kwa anthu ambiri a m'tauni magiya atatu a m'habu ndi okwanira, malinga apeputsidwe mogwirizana ndi zitunda za kwanuko, ndiponso mudziwiretu kumene mudzapeze tizipangizo take tochepa timene timatha. Mfundo ziwiri zomalizazi n'zimene ogula ambiri amaziphonya, ndipo akaziphonya amaimba mlandu njinga imene sinalakwe.

Zimene zili m'kati mwa habu

Habu ndi chitsulo cha pakati pa tayala, pamene masipoko onse amachokera. Pa njinga za magiya akunja, monga ma mountain bike amene adzaza m'misika yathu, masipoketi 6 kapena 7 amasanjikizana pambali pa tayala, ndipo kamkono kachitsulo kolendewera pansi pake kamakankha tcheni kuchoka pa sipoketi ina kukwera pa ina. Pa njinga ya magiya a m'habu, kunja mumangoona sipoketi imodzi ndi habu yonenepa. Ntchito yonse imachitikira m'kati. Pa ekiselo pamakhala kagudumu ka mano kosazungulira, timagudumu tina ting'onoting'ono timayenda mokazungulira, ndipo tonseti timakutidwa ndi mkombero wa mano oloza m'kati. Mukasuntha kosinthira magiya pahandulo, kebulo imakoka kachitsulo kamene kamasankha njira yoti mphamvu ya miyendo yanu idutsemo. Pa habu ya magiya atatu, giya yachiwiri imalumikiza sipoketi ndi tayala mwachindunji, moti sipoketi ikazungulira kamodzi, tayala nalonso kamodzi. Giya yoyamba imapeputsa: pa habu ya Sturmey-Archer ya mtundu wa AW, sipoketi ikazungulira kanayi tayala limazungulira katatu. Giya yachitatu imachita zosiyana, sipoketi katatu, tayala kanayi.

Luso limeneli ndi lakale ndipo layesedwa mokwanira. Kampani ya Sturmey-Archer inayamba kupanga mahabu a magiya atatu mu 1902 mumzinda wa Nottingham ku England, mogwirizana ndi kampani ya njinga ya Raleigh, ndipo habu ya AW inatuluka mu 1936. Inapangidwa kwa zaka zoposa 60 popanda kusintha kwakukulu, n'chifukwa chake zipangizo za habu ya m'ma 1960 nthawi zambiri zimalowa pa ya m'ma 1980. Mu 2000 dzina la Sturmey-Archer linagulidwa ndi kampani ya SunRace ya ku Taiwan, ndipo mahabuwa akupangidwabe kumeneko. Kampani ya Shimano ya ku Japan imapanga mahabu otchedwa Nexus a magiya 3, 7 ndi 8, komanso Alfine a magiya 8 ndi 11. Ku Germany kunali Sachs, imene nthambi yake ya njinga inagulidwa ndi SRAM mu 1997. SRAM inasiya kupanga mahabu a magiya mu 2017, ndipo wogula njinga yakaunjika asaiwale zimenezi, chifukwa zipangizo za mahabu olembedwa Sachs, Spectro kapena SRAM zikunka zisowa ngakhale ku Ulaya komweko.

Umboni wolemera kwambiri pa nkhaniyi umachokera kwa amene amagula njinga zambirimbiri n'kumalipira okha zokonzetsa. Mzinda wa Paris utayamba kubwereketsa njinga kwa anthu mu 2007, ndi London mu 2010, anafunika njinga zoti zizigona panja, kunyowa ndi mvula, kukweredwa ndi anthu osiyanasiyana tsiku lonse, ambiri a iwo osazisamala. Mizinda yonse iwiriyi inasankha magiya atatu a m'habu. Ku Netherlands, kumene anthu amapalasa kupita ku ntchito chaka chonse, njinga wamba ya m'tauni imakhala ya giya imodzi kapena ya magiya a m'habu, tcheni chake chitavindikiridwa. Otumiza makalata a Royal Mail ku Britain anayenda zaka zambiri pa njinga za kampani ya Pashley zotchedwa Mailstar, zambiri mwa izo za magiya atatu a Sturmey-Archer, ndipo atasiya kuzigwiritsa ntchito, zambiri zinafika ku Malawi kudzera ku bungwe la Krizevac Project limene limagwira ntchito ndi Beehive ku Chilomoni mu Blantyre. Onsewa akanatha kugula njinga za magiya 21. Anawerengera ndalama zokonzetsera ndi masiku amene njinga imakhala chigonere, n'kusankha magiya ochepa otetezedwa.

Chifukwa chake n'choonekeratu kwa aliyense wopalasa m'matauni athu. Msewu waukulu ungakhale wa phula, koma njira yochoka pakhomo ku Mtandire, ku Ndirande kapena ku Chibavi kukafika pa phulapo nthawi zambiri imakhala yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja. Fumbi likasakanikirana ndi oyilo wa patcheni limachita zimene mchenga umachita potsuka poto, kupala chitsulo pang'onopang'ono. Tcheni cha magiya akunja n'chopyapyala, chimayenda mopingasa, ndipo chimadutsa pa timagudumu tiwiri ta kamkono kaja pafupi ndi nthaka, pamene fumbi ndi matope zimachuluka. Chikatha chimatalika, chikatalika chimadya mano a masipoketi, ndipo mukaika tcheni chatsopano pa masipoketi odyekawo chimalumpha, basi zonse zigulidwe pamodzi. Pa njinga ya magiya a m'habu, mano amene amasintha liwiro amakhala m'kati, m'girisi kapena mu oyilo, kutali ndi fumbi. Tcheni chimayenda molunjika, ndipo tcheni chochindikala cha njinga wamba, chimene chimalowa pa Hero kapena Phoenix ndipo chimapezeka pamsika uliwonse, chimagwira bwinobwino. Popeza sichisunthira m'mbali, chikhoza kuvindikiridwa chonse. Chotchingachi chimatalikitsa moyo wa tcheni, komanso chimateteza chitenje, siketi, buluku la ku ofesi ndi yunifolomu ya mwana, ndipo m'banja limene njinga imodzi imakweredwa ndi bambo, mayi ndi ana omwe, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Palinso ngozi za m'tauni zimene sizichitika njinga ikuyenda. Njinga imatsamiritsidwa pakhoma n'kugwa, imapanikizana ndi zinzake poimika njinga pamsika, imakwezedwa pa lole kapena pa galimoto yapamtunda n'kusanjikiridwa katundu. Ikagwera kumanja, choyamba kugunda pansi ndi kamkono kolendewera kaja, ndipo pa njinga zotsika mtengo kamapangidwa ndi chitsulo chopyapyala. Kakapindika pang'ono magiya amayamba kulumpha. Kakapindika kwambiri kamalowa m'masipoko njinga ikuyenda, n'kuthyoka, n'kuthyolanso masipoko. N'chifukwa chake si zachilendo kuona mountain bike imene mwini wake anachotsa kamkono, n'kudula tcheni, n'kuisandutsa ya giya imodzi. Analipira magiya 21, watsala ndi imodzi. Tayala lenilenilo nalonso limakhala lolimba pa njinga ya magiya a m'habu. Mulu wa masipoketi umakakamiza kuti masipoko a kumanja aimirire chilili ndi kukungika kwambiri kuposa a kumanzere, ndiponso pa mahabu otsika mtengo umasiya gawo lalitali la ekiselo lopanda chochirikiza, n'chifukwa chake ekiselo imakonda kupindika kapena kuthyoka mbali imeneyo. Pamene pali sipoketi imodzi, masipoko a mbali zonse amagawana katundu pafupifupi mofanana.

Phindu lina limamveka m'miyendo tsiku loyamba lomwe. Magiya akunja amasintha pokhapokha tcheni chikuyenda. Minibasi ikaima mwadzidzidzi patsogolo panu, kapena maloboti akayaka ofiira muli pa giya yolemera, mudzanyamuka pa giya yolemerayo, mukudzandira, mwina mwana ali pa kaliyala, magalimoto akuliza mahutala kumbuyo. Magiya a m'habu amasintha ngakhale mutaima. Mumabwezera pa giya yoyamba phazi lili pansi, n'kunyamuka mowongoka. Kupalasa kwa m'tauni n'kuima ndi kunyamuka kosalekeza, ndipo ngozi zambiri za kugwa zimachitika pa liwiro lochepa lomwelo.

Kodi magiya atatu angakwane?

Wina anganene kuti magiya atatu ndi a m'chidikha, sangathandize pa chitunda. Amene amanena zimenezi nthawi zambiri anakwerapo njinga ya magiya atatu monga inachokera kufakitale, ndipo sakunama, pakuti zambiri zimabwera zolemera mopitirira. Tiyeni tiwerengere. Tayala la mainchesi 28 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.2. Ngati sipoketi yaikulu ya pamapedulo ili ndi mano 44 ndipo yakumbuyo ili ndi mano 18, mukazunguza mapedulo kamodzi njinga imayenda pafupifupi mamita 4 pa giya yoyamba, mamita 5.4 pa yachiwiri, ndi mamita 7.2 pa yachitatu. Munthu wopalasa mosathamanga amazunguza mapedulo pafupifupi maulendo 60 pa mphindi, ndipo pa giya yachitatuyo zikutanthauza makilomita 26 pa ola, liwiro limene wopita kumsika ndi dengu safika kawirikawiri. Choncho giya imodzi mwa zitatuzo imangokhala, pamene yopepuka imene akuifuna pa chitunda palibe. Chotsani sipoketi ya mano 18, ikani ya mano 22. Tsopano magiya aja akhala mamita 3.3, 4.4 ndi 5.9, ndiye kuti pafupifupi makilomita 12, 16 ndi 21 pa ola. Yachitatu yasanduka yoyendera pamalo athyathyathya, yachiwiri ya mphepo, katundu ndi kukwera pang'ono, yoyamba ya chitunda. Magiya onse atatu ayamba kugwira ntchito.

Kusintha kumeneku n'kotsika mtengo ndipo n'kumene kumasiyanitsa njinga yotopetsa ndi njinga yokondedwa. Sipoketi ya pa habu yotere ili ndi timano titatu m'kati ndipo imagwiridwa ndi kamphete kachitsulo kamene kamachoka ndi sikuludiraiva. Kapangidwe kameneka n'kofanana pa mahabu ambiri a Sturmey-Archer ndi a Shimano Nexus. Tcheni chimafunika kuwonjezeredwa mfundo zochepa. Koma pali malire: musapeputse kwambiri kupitirira pamene mano akutsogolo ali owirikiza kawiri akumbuyo, monga 44 ndi 22, chifukwa sipoketi yakumbuyo ikakula mopitirira, mphamvu yopotokola imene imalowa m'habu imakula ndipo timano ta m'kati tikhoza kuthyoka.

Ndi kupeputsa kotereku, magiya atatu amakwanira m'madera ambiri a Lilongwe, ku Kasungu, Salima, Balaka, Liwonde ndi Mangochi. Blantyre, Zomba ndi Mzuzu ndi nkhani ina. Amene amakwera tsiku ndi tsiku kupita ku Bangwe, kumtunda kwa Ndirande kapena m'munsi mwa phiri la Soche akhoza kufuna giya yopepuka kuposa mamita 3.3. Apa chofunika kuyang'ana ndi kutalikirana kwa giya yopepuka kwambiri ndi yolemera kwambiri. Pa habu ya magiya atatu, yolemera imaposa yopepuka pafupifupi ka 1.8. Pa Nexus ya magiya 7 ndi pafupifupi ka 2.4, pa ya magiya 8 pafupifupi ka 3.1. Nexus 8 pa masipoketi omwe aja a 44 ndi 22 imayambira pa mamita 2.3 kukafika 7.1, ndipo imeneyi imakwera chitunda chilichonse cha m'tauni chimene munthu angafune kukwera ali pachishalo. Ilikonso habu ya Rohloff ya ku Germany, ya magiya 14, imene inatuluka mu 1998, koma mtengo wake wokha umagula njinga wamba zingapo, ndipo si ya banja lofuna kupita kumsika.

Tivomereze kuti mountain bike ya magiya 21 imatambasuka kuposa zonsezi kupatula Alfine 11 ndi Rohloff. Ikakhala ndi mano 28, 38 ndi 48 kutsogolo, ndi 14 mpaka 28 kumbuyo, yolemera imaposa yopepuka pafupifupi ka 3.4. Koma nambala ya 21 imanamiza. Mano 28 kutsogolo ndi 14 kumbuyo amapereka giya yofanana ndendende ndi 48 kutsogolo ndi 24 kumbuyo, ena amayandikana kwambiri moti mwendo sumva kusiyana, ndipo ena sayenera kugwiritsidwa ntchito chifukwa amapingasitsa tcheni. Kutambasukako kumathandiza pokhapokha magiyawo akugwira ntchito. Kwa munthu wa pa chitunda chachikulu amene alibe njira yopezera zipangizo za habu ya magiya 7 kapena 8, mountain bike yabwino yosamalidwa ikhoza kukhala chisankho choyenera, ndipo kabuku kano sikamuletsa. Kwa ena onse, chitunda chimodzi chachifupi chimene mumatsika n'kukankha kwa mphindi ziwiri si chifukwa chokwanira chogulira zitsulo zimene zidzafune kukonzedwa mwezi ndi mwezi.

Ena amati habu yotere ndi yolemera ndipo imadya mphamvu. Zoona, koma pang'ono. Habu ya magiya atatu imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ya magiya 8 imayandikira makilogalamu awiri, ndipo pamenepo muchotsepo kulemera kwa masipoketi, kamkono ndi zina zimene sizikufunikanso. Za mphamvu, Chester Kyle ndi Frank Berto anayesa magiya a mitundu yonse iwiri n'kufalitsa zotsatira mu 2001, ndipo anapeza kuti magiya a m'habu amataya mphamvu yochulukirapo ndi pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse. Kwa wampikisano n'zambiri. Kwa wopita ku ntchito, tayala losapopedwa bwino kapena tcheni chadzimbiri chimadya mphamvu yoposa imeneyo.

Funso lalikulu: adzakonza ndani?

Chotsutsa cholimba kwambiri ndi ichi, ndipo banja lichiganizire lisanatulutse ndalama. Okonza njinga athu ndi aluso. Amamanga tayala, amawongola limu, amasintha ekiselo pansi pa mtengo ndi zida zochepa. Koma ambiri anazolowera njinga za giya imodzi ndi ma mountain bike, ndipo zipangizo za njinga zimenezo n'zimene zili m'masitolo. Habu ya magiya ikafika kwa munthu amene sanaionepo m'kati, akhoza kuimenya ndi hamala pamene pamafunika kupotokola, kapena kubwezera kasipuling'i chagada. Habu siiwonongeka kawirikawiri, koma ikawonongeka m'dera lopanda woidziwa, njinga imagona miyezi.

Yankho lake n'loti chotsutsachi chitsogolere kusankha kwanu, ndipo chimaloza ku magiya atatu. Habu ya magiya atatu ili ndi zitsulo zochepa, ndipo mmisiri wodekha akhoza kuitsegula, kuitsuka ndi kuibwezera ndi zida wamba, makamaka akamayala zitsulo pansalu motsatana ndi mmene akuzichotsera, kapena kuzijambula ndi foni. Ya magiya 7 kapena 8 ili ndi timagudumu tosanjikizana tambiri, ndipo ikawonongeka m'kati, ngakhale kumayiko kumene imapezeka mosavuta nthawi zambiri amangosintha zam'kati zonse. Choncho musanagule, pitani kwa wokonza njinga wa kwanuko, mufunseni ngati anatsegulapo habu ya magiya, ndiponso ya kampani iti. M'tauni mmene mwafika njinga zambiri za ku Japan, mudzapeza odziwa Shimano. Mmene muli njinga zakale za ku England kapena za amtengatenga a makalata zija, mudzapeza odziwa Sturmey-Archer. Gulani mtundu umene uli wofala kwanuko, ngakhale wina utaoneka wokongola. Zimene zimatha kawirikawiri n'zakunja ndiponso zazing'ono: kebulo, kosinthira magiya, katcheni kakang'ono kolowa m'ekiselo pa Sturmey-Archer, kabokosi kokhala kunsonga ya ekiselo pa Nexus ya magiya atatu, manati ndi mawashala. Zonsezi zimakwana mu envulopu, ndipo m'bale wokhala ku South Africa kapena ku Britain akhoza kuzibweretsa. Mukaona tayala lophwanyika limene lili ndi habu ya mtundu wanu likugulitsidwa motchipa, ligulireni habuyo, ndiyo nkhokwe yanu ya zipangizo. Kebulo ikaduka panjira, habu imangokhala pa giya imodzi ndipo mumafikabe kunyumba. Habu ikafa kotheratu, wokonza njinga aliyense akhoza kumanga habu wamba ya giya imodzi pa limu yomweyo, njinga n'kupitiriza ntchito.

Pali anthu amene njinga imeneyi si yawo. Wakabaza wonyamula anthu akuluakulu tsiku lonse, wogulitsa makala, wonyamula matumba a chimanga kapena zigubu za madzi amaika pa tayala lakumbuyo mphamvu yoposa imene timano ta m'habu tinapangidwira, makamaka akaimirira pamapedulo pa chitunda. Kwa iwo njinga ya giya imodzi yolimba ndiyo yoyenera. Njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, inapangidwira ntchito yotere: mtundu wake wofala uli ndi giya imodzi, buleki yopondera m'mbuyo ndi kaliyala wonyamula makilogalamu 100, ndipo imagulitsidwa ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Magiya a m'habu ndi a munthu mmodzi ndi katundu wa pakhomo: dengu la ndiwo, chikwama, mwana wamng'ono.

Za mtengo, n'zoona kuti njinga yatsopano ya magiya a m'habu imadula kuposa mountain bike yotchipa. Koma muwerengere zaka zitatu, muikepo matcheni, masipoketi, timikono, masipoko ndi ndalama ya minibasi pa masiku amene njinga ili kokonzedwa. Ndiponso zambiri za njinga zimenezi zimafika kuno ngati zakaunjika, ndipo nthawi zina sizidula kwenikweni chifukwa ogula amathamangira za manambala aakulu.

Poyesa njinga pamsika

Musagule musanaikwere. Poyamba tukulani tayala lakumbuyo, zunguzani mapedulo ndi dzanja, sinthani magiya onse, muone ngati liwiro la tayala likusintha pa giya iliyonse. Kaphokoso kakuti tiki-tiki pa magiya ena n'kachibadwa. Kukukuta ngati muli mchenga, kapena kugunda, ndi chizindikiro choipa. Gwedezani tayala cham'mbali, lisagwedere. Kenaka kwerani, pezani kamtunda, pondani mwamphamvu pa giya iliyonse muli chikhalire pachishalo. Giya ikaterereka, mwina ndi kebulo chabe imene sinakungidwe bwino, choncho pemphani wogulitsa aikonze pomwepo muyesenso. Ikatererekabe, isiyeni. Pa mahabu akale a Sturmey-Archer, chaka ndi mwezi umene habu inapangidwa zinadindidwa pa chitsulo chake, ndipo ukalamba wokha usakuopseni. Onani mazinga a kunsonga za ekiselo, asakhale odyeka, chifukwa ekiselo ya habu yotere siyofanana ndi ya njinga wamba ndipo siipezeka pamsika.

Yang'ananinso felemu pamene ekiselo imalowa. Payenera kukhala mpata wautali wogona, woti tayala lizisunthira kumbuyo pokunga tcheni. Pa ekiselo payenera kukhala mawashala a kadzino amene amalowa mumpatamo kuti ekiselo isazungulire. Amaoneka opanda ntchito ndipo okonza osadziwa amawataya, koma popanda iwo ekiselo imapotokoka, n'kukoka kebulo, n'kukuza mpata wa felemu. Amene akufuna kuika habu ya magiya pa njinga imene ali nayo kale awerenge mabowo a masipoko, chifukwa malimu ena akumbuyo ali ndi mabowo 40, ena 36, ndipo habu ndi limu ziyenera kufanana. Ayesenso m'lifupi mwa felemu pamenepo: mahabu a magiya atatu nthawi zambiri amakwana pa felemu za njinga wamba, pamene a magiya 7 ndi 8 ndi otambalala.

Mabuleki musawaone mopepuka, pakuti pa mahabu ambiri buleki yakumbuyo imabwera pamodzi ndi habu. Buleki yopondera m'mbuyo ndi buleki ya m'kati mwa habu yokokedwa ndi kebulo zimagwira mofanana kaya kuli mvula kaya kulibe, pamene timphira togwira pa limu yachitsulo timaterereka limu ikanyowa. Buleki yopondera m'mbuyo ili ndi zofooka ziwiri: tcheni chikagwa imasiya kugwira, ndipo pa mtsetse wautali imatentha. Choncho njinga iliyonse ikhale ndi buleki yakutsogolo yogwira bwino, makamaka kwa okhala m'matauni a zitunda.

Kasamalidwe

Choyamba, posintha giya, lekani kuponda mwamphamvu kwa kamphindi. Aphunzitseni ana zimenezi tsiku loyamba, chifukwa kusintha mukuponda ndi mphamvu zonse n'kumene kumabenthula timano. Chachiwiri ndi kakungidwe ka kebulo, kamene kamafuna kuonedwa nthawi iliyonse tayala likachotsedwa kapena kusunthidwa. Pa Sturmey-Archer AW, ikani pa giya yachiwiri, suzumirani pa kabowo ka nati yakumanja: pamene kandodo ka katcheni kaja kamayambira kunenepa payenera kulingana ndi nsonga ya ekiselo. Pa Nexus ya magiya 7 kapena 8, ikani pa giya yachinayi, ndipo timizere tiwiri tachikasu ta pafupi ndi sipoketi tilunjikane. Pa Nexus ya magiya atatu chizindikirocho chili pa kawindo ka kabokosi kaja, pa giya yachiwiri. Ma AW akale ali ndi malo pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu pamene mapedulo amazungulira osakoka kanthu, ndipo kebulo ikalekerera mukhoza kugweramo mwadzidzidzi. Pa chifukwa chimenechi musaimirire pamapedulo pa habu yakale yotere.

Mahabu akale ali ndi kabowo kothirira oyilo pakati pake. Madontho ochepa a oyilo wopepuka mwezi uliwonse ndi okwanira. Mafuta ophikira musathiremo, amauma n'kumata timano, ndipo oyilo wakuda wochotsedwa mu injini amabwera ndi zinyalala zake. Mahabu atsopano ambiri ali ndi girisi ndipo amafuna kutsegulidwa ndi kupakidwanso patapita chaka kapena ziwiri. Mdani wamkulu ndi madzi. Habu imapirira mvula, koma siipirira kumizidwa. Musatsukire njinga mumtsinje kapena ndi paipi yamphamvu ya kotsukira magalimoto, ndipo powoloka madzi ofika pa ekiselo inyamuleni. Ikamizidwa, itsegulidwe sabata yomweyo dzimbiri lisanagwire.

Tayala lakumbuyo likaphwa, kulichotsa kumatenga nthawi kuposa pa njinga zina, koma nthawi zambiri sikufunika. Gonekani njinga, tsegulani mbali imodzi ya tayala, sololani chubu, matani, bwezerani, tayala lili pafelemu pomwepo. Lichotsedwe pokhapokha posintha chubu kapena tayala lonse, ndipo pamenepo muimirire pafupi: kebulo imasulidwe poyamba, manati ndi mawashala aikidwe m'thumba motsatana, wa kumanja asapite kumanzere, ndipo manati amangidwe molimba koma osakakamiza. Manati a Sturmey-Archer ndi a Shimano ali ndi mazinga osiyana, ndipo nati ya mtundu wina ikakakamizidwa imawononga ekiselo. Tsiku logula njinga, gulaninso kebulo yapadera, manati awiri oyenera habuyo, katcheni ka m'ekiselo ngati ndi Sturmey-Archer, sipanala ya 15 ndi sipoketi ya mano 22, ndipo lembani dzina ndi nambala ya habuyo pa pepala loti lizikhala m'nyumba, kuti wotumidwa kukagula zipangizo adzabwere ndi zoyenera.